Mphaka Wanga Nandolo ndi Chipinda Chokhoma

Ku Milange mpaka lero alipo anthu amene akandiona amakodolana n'kumati, "Suja mayi anathetsa banja chifukwa cha mphaka?" Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndine Belmira, ndipo lero ndikufuna nkhaniyi muimve kuchokera kwa mwini wake.

1

Mphakayo dzina lake anali Nandolo. Ndinamutola ku kampu ya othawa nkhondo, tsidya la Malawi, ali kamwana koonda kongolira m'ngalande. Ndinamutcha dzinali chifukwa nandolo ndiye anali ndiwo yathu kumeneko, m'mawa ndi madzulo omwe. Mtendere utabwera, ine ndi amuna anga a Jorge tinawoloka malire a Muloza kubwerera kwathu, iwo akukankha njinga yodzaza malata akutha, ine dengu pamutu, mphaka ali m'katoni m'khwapa.

Tinamanga nyumba ya njerwa kuseri kwa msika, pansi pake pa simenti, chinthu chimene a Jorge ankanyadira kwambiri. Iwo ankakwera malole kupita ku Mocuba kukapikula mchere ndi nsomba zouma, ndipo akachoka ankatha masabata. Ine ndinkagula nyemba kwa alimi n'kumagulitsa kwa amalonda a ku Malawi. Matumba ndinkasunga m'chipinda chakumbuyo, mlonda wake Nandolo. Panja sindinkamulola. Masiku amenewo agalu opanda eni ake anali mbwee m'tauni, ndipo tchire la kuseri kwathu linali lisanachotsedwe mabomba okwirira. Choncho ndinamuikira beseni lakale la mchenga pakona ya chipindacho. Ankalowera pa kampata ka pansi pa chitseko, n'kudzithandiza, n'kufotsera bwinobwino. Mlendo sakanadziwa kuti m'nyumbamo muli mphaka.

Tsono mwezi wina, a Jorge ali paulendo, ndinatulutsa beseni lija n'kuliika pafupi ndi khomo la kukhitchini. Kampata kaja ndinakakhomera thabwa. Chitseko ndinachitseka ndi loko, kiyi n'kumanga pa ngodya ya kapulana, chitenje chomwe ndinavala.

A Jorge anafika Loweruka masana. Lamlungu m'mawa, pokonzekera ku tchalitchi, analowetsa phazi m'nsapato yawo yakuda. Ndinangomva kukuwa.

"Belmira! Tabwera udzaone za mwana wakoyu!"

Nandolo anali atabibamo.

"Pepani, abambo. Nditsuka."

"Wayamba liti zimenezi? Nanga beseni lake likutani kuno? Chipinda wakhomeranji?"

"Ndathira mankhwala a anankafumbwe m'nyemba. Ndi oopsa. Akuti pasalowe munthu kapena chiweto mpaka fungo lithe."

Ndinawayankha ndikuwayang'ana m'maso, osaphethira. Anapita ku tchalitchi atavala masilipasi, akung'ung'udza njira yonse.

2

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinachita zonse zimene munthu angachite. Mchenga ndinkasintha tsiku ndi tsiku, wa kumtsinje, wosefa bwino. Ndinagula beseni latsopano, lalikulu. Ndinalichotsa kukhomo la kukhitchini n'kuliika kuseri kwa kabati, ndinalichotsanso n'kuliika kunsi kwa tebulo. Pamene waipitsa ndinkakwechapo ndi madzi otentha ndi sopo, n'kupakapo mandimu. Nandolo ankabwera, n'kununkhiza beseni, n'kundiyang'ana, kenako n'kukakhala pa chitseko chokhoma chija akukanda thabwa. Akatopa, ankakodza pomwepo. Mawa lake pamphasa. Tsiku lina anakwera pa thumba la mchere la a Jorge, ndipo mchere wonse unapita kudzala.

A Jorge anamugwira pakhosi, namukhutiza mphuno pa zonyansa zakezo, namuponya kukhoma. Sizinathandize. Zinangowonjezera kuti akamva mapazi awo azithawira kunsi kwa bedi, n'kuipitsa komweko.

A Ethel, mayi wa ku Mulanje amene anali ndi golosale moyandikana nafe, anabwera kudzaona. Iwo amphaka anawaweta kuyambira ali mtsikana.

"Akudya?" anafunsa.

"Akudya bwino."

"Pokodza akulira? Mwaonapo magazi?"

"Ayi."

"Ndiye sakudwala. Kumumenyako muwauze abambo asiye, mphaka samva ndodo. Uyu mwamulanda malo ake, chemwali. Bwezerani beseni kumene linali, lero lomwe zitha."

"Sizingatheke."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana loko uja.

"Koma mankhwala anu ndi amphamvu," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndimathira omwewo, koma chitseko sindikhoma."

Potuluka anangoti, "Muzisamala."

Zimene ananenazo ndinkazidziwa kale. Mphakayo analibe mlandu. Ndinkagwada pa simenti n'kumakwecha osadandaula, chifukwa fungo la mphaka linkaphimba fungo lina limene sindinkafuna kuti munthu alimve.

3

Apongozi anga, mayi Januária, anabwera kuchokera ku Molumbo kudzaonetsa maso kuchipatala. Anali mayi wosaseka, ndipo sindiwada nazo. Nthawi ya nkhondo anyamata a kutchire anafika pamudzi pawo, natentha nyumba ndi nkhokwe, ndipo amuna awo, bambo a Jorge, anaphedwa iwo akuona. Kuyambira pamenepo a Jorge ankalumbira poyera kuti munthu aliyense amene anagwirapo mfuti kutchire, akadzaponda pakhomo pawo adzamukhapa ndi chikwanje, kaya akuluakulu asayina mtendere kaya sanasayine.

M'mawa woyamba apongozi anapeza kapulana yawo ya ku tchalitchi, imene anaisiya pampando, itanyowa ndi mkodzo. Anaitana mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Jorge, maso angawa ndi ofooka, koma izi ndikuziona. Mphaka wanji wogona m'nyumba ngati munthu? Mphaka wanji wosankha nsapato ya mwini nyumba ndi nsalu ya mayi ake, koma za mkaziyu osakhudza? Zaka zonsezi mwana mulibe. Mwana wake ndi ameneyu. Anamutenga ku Malawi. Anamupatsa ndani?"

"Amayi, ndinamutola m'ngalande," ndinatero.

"Sindikuyankhula ndi iwe."

"Koma mukunena ine. Ngati mukuti ndine mfiti, tchulani mawuwo amveke."

Kwathu kuno mkazi sayankha apongozi ake chotero. A Jorge anandiloza chala.

"Pepesa."

"Za kapulana ndapepesa, ndipo ndichapa. Za ufitizo sindipepesa."

Pofika madzulo nkhani inali itafika kale pamsika. Amayi amene ndinkagulitsa nawo anayamba kusuntha madengu awo kutali ndi benchi langa. Wina anakokera mwana wake kumbuyo ine ndikudutsa. Ndinangomanga kapulana yanga mwamphamvu, n'kumaitanira makasitomala mokweza kuposa kale.

4

Patapita masiku ochepa, ndikuchokera kumjigo ndowa ili pamutu, ndinapeza a Jorge pakhomo akumangirira thumba pa kaliyala ya njinga. Thumbalo linkaphiriphitha.

"Mukupita naye kuti?"

"Kumtsinje. Wabibanso, lero pabedi penipeni. Zakwana."

Ndinatula ndowa mothamanga, madzi n'kutayika, ndinagwira mahandulo a njinga.

"Mumasuleni."

"Belmira, chotsa manja."

"Mphakayu anagona nane ndi njala ku kampu, inu muli ku esiteti ya tiyi kufuna ganyu. Makoswe amene ankatiluma zala anawatha ndi iyeyu. Nyemba zimene zinabweretsa simenti mukunyadirayi analondera ndi iyeyu. Sanalakwe. Amene anamutsekera malo ake ndine."

"Ndiye tsegula! Mankhwala anji osatha fungo mpaka lero?"

"Sinditsegula."

Anthu anayamba kuima m'njira, ena atasenza katundu wopita kumalire. A Jorge sankakonda manyazi. Anadula chingwe, thumba linagwa, Nandolo anatulukamo n'kuthawira m'nyumba.

"Ndikukupatsa mpaka Lamlungu," anatero motsitsa mawu. "Mphaka achoke, apo ayi chitseko chitseguke."

Lamlungulo sitinafike nalo.

5

Apa ndiyenera kukuuzani zoona. M'chipinda chija munali mwamuna.

Inde, mwamva bwino. Chakudya ndinkamulowetsera pamene a Jorge apita kumsika, apongozi ali pamzere kuchipatala. Chipindacho chinali ndi kakhomo kena kotulukira kuseri, kumene ndinkatayira ndowa yake. Ndinkamusambitsa ndi manja angawa. Amene mwatola kale miyala yondigendera, igwireni kaye.

Tsiku la thumba lija mwamunayo anamva zonse. Nditalowa ndi mbale ya phala, ndinamupeza akufunafuna ndodo yake.

"Ndichoke," ananong'ona. "Mphaka asafere ine, inunso musafere ine."

"Upita kuti, pomwe kuima kukukukanika? Khala pansi udye."

Mawa lake apongozi anabwerera panjira, ataiwala khadi lawo la kuchipatala. Ine ndinali kumsika. Anakhala pampando kuti apume, ndipo m'nyumba ya zii ija anamva chifuwa. Munthu wamwamuna akutsokomola kuseri kwa chitseko chokhoma.

Amene anadzanditenga anali a Ethel, akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Fulumirani! Akuthyola chitseko!"

Ndinapeza pakhomo panga padzaza ngati pamaliro. Apongozi anali pakhonde akuwomba m'manja.

"Si ufiti wokha! Ndi chiwerewere! Wasunga chibwenzi m'nyumba ya mwana wanga!"

A Jorge anali m'kati ndi nkhwangwa, chikwanje atachitsamiritsa kukhoma. Ndinadutsa pakati pa anthu, ndinakaima pakati pa iwo ndi chitseko.

"Musaononge chitseko, abambo. Kiyi ndili naye."

"Muli ndani m'menemo?"

"Ndikutsegulirani. Koma chikwanje chituluke kaye."

"Ukundilamula m'nyumba mwanga?"

"Inenso ndi mwanga. Dothi la njerwazi ndinaponda ndi mapazi angawa. Chikwanje panja, apo ayi muyambe ndi ine."

A Ethel ndi amene analowa mwakachetechete, natola chikwanje, natuluka nacho. Ndinamasula kiyi pa kapulana. Ndinamulowetsa, loko anatseguka.

6

Pakati pa matumba a nyemba, pamphasa, panakhala munthu woonda ngati bango, mwendo wakumanja wokulungidwa ndi nsalu, ndodo ili pambali. Anayesa kuimirira, analephera.

A Jorge anayang'ana iye, nayang'ana ine. Anaona mphuno yomweyo ndi mpata wa m'mano womwewo.

"Uyu ndi Olímpio, mlongo wanga," ndinatero. "Wondipondera pamutu."

"Mlongo wako anamwalira. Unandiuza wekha ku kampu."

"Inenso ndinkadziwa choncho."

Olímpio anatengedwa tikuthawa kwathu ku Mongue, asanamere ndi ndevu zomwe. Anyamata a kutchire anatipeza padambo, anamusankha kuti awasenzere katundu, ndipo sitinamuonenso. Amayi anamulira mpaka tsiku limene tinawaika m'manda ku kampu. Tsono tsiku lina, mwezi uja a Jorge ali ku Mocuba, dzuwa lili paliwombo, munthu wa ndodo anaima pa benchi langa osagula kanthu. Ndinafuna kumuthamangitsa. Iye anati, "Mana Belmira, achemwali, simukundizindikira?" Bala la kumwendo linali litayamba kununkha. Konse kumene anagogoda anamupirikitsa. Lumbiro la amuna anga ndinkalidziwa, choncho ndinati ndimubise, apole kaye, apeze mphamvu zofikira ku Mongue. Namwino wina ankandipatsa mankhwala osafunsa zambiri. Beseni la mphaka silikanakhala pafupi ndi bala lotseguka, ndipo kampata kaja munthu akanatha kusuzumirapo.

"Unali kutchire?" a Jorge anamufunsa.

"Ndinali, alamu."

"Usanditchule alamu. Mfuti unagwira?"

"Ndinagwira."

"Ku Molumbo unafikako?"

Ndinamuyang'ana mlongo wanga, mumtima ndikuti nama, mwana wa amayi, nama kamodzi kokha.

"Ndinafikako," anatero. "Mayina a midzi sindikuwadziwa. Akatiuza kuti tenthani, tinkatentha. Wokana ankamupha ife tikuona. Ngati bambo anu anafa ndi dzanja langa, sindikudziwa. Sindinganene kuti ayi."

Apongozi, amene anali atafika pakhomo la chipinda, anakhala pansi pa simenti. Sanakuwenso. Analira motsitsa, kulira kwa munthu wotopa, ndipo kulira kumeneko kunandilasa kuposa mawu onse a ufiti aja.

A Jorge anaponya nkhwangwa pansi natuluka. Anthu anawapatukira. Anakaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, ndipo pobwera maso awo anali psuu.

"Sindimupha," anatero. "Koma dzuwa lisalowe ali muno. Iwe Belmira, sankha. Ukatsala, dzina lake lisadzamvekenso pakhomo pano. Ukamuperekeza, usadzabwerenso."

"Sangayende yekha."

"Imeneyo si nkhani yanga."

"Ndiye mwandisankhira kale."

7

Ndinatenga zovala zanga, mapoto, ndi nyemba za mbewu. A Ethel anatiyankhulira kwa dalaivala wa lole yopita cha ku Mongue. Ndikutuluka, Olímpio atandikolowekera dzanja paphewa, Nandolo ali m'dengu, apongozi anadzutsa mutu.

"Pita. Koma Mulungu waona."

"Aone ndithu, amayi. Aone za ku Molumbo, aonenso za padambo paja pamene anatilanda mwana."

Tinadutsa pakati pa msika, anthu akuloza. Sindinawerame.

Ku Mongue tinapeza pamalo pa makolo athu pali tchire lokhalokha, mitengo ya mango ndiyo inatsala. Tinayamba ndi chisakasa. Akuluakulu a pamudzi anamuchitira Olímpio mwambo womusambitsa za kunkhondo, mpingo unamupempherera, ndipo anamulandira. Analipo enanso ngati iye, ana a anthu omwewo. Bala linapola, ngakhale amatsimphina mpaka lero. Ali ndi mkazi ndi ana, ndi dimba la kabichi limene amalonda a njinga amachita kulimbirana. Tulo sagona bwino, ndipo sindinganame kuti zonse zinatha.

Nandolo atangofika kumudzi anasankha yekha malo kuseri kwa nkhokwe. Sanaipitsenso m'nyumba mpaka anafa ndi ukalamba.

Chaka chotsatira a Jorge anatuma amalume awo. Uthenga unali wakuti ndibwerere, koma ndikagwade pamaso pa apongozi ndi pa mpingo, ndivomere kuti ndinachimwa posunga chigawenga. Amalumewo ndinawaphera nkhuku, ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndinawauza kuti akapereke moni. A Jorge anakwatira wina. Ndimamva kuti ali ndi ana, ndipo ndimawafunira zabwino zochokera pansi pa mtima. Bambo awo anafa imfa yowawa, ndipo sindinawauzepo kuti aiwale.

Inu owerenga, chiweto chikayamba kuononga m'nyumba musathamangire ndodo, musathamangirenso kutchula munthu mfiti. Yambani mwafunsa kuti chasintha n'chiyani. Kwathu chimene chinasintha mwachimva.

Ndikudziwa ena mukuti ndinanamiza mwamuna m'nyumba mwake. Zoona, ndinanama. Ena mukuti banja ndi kupirira. Koma tandiuzani, amayi anzanga: amene ankatentha midzi aja anagwa kuchokera kumwamba? Ambiri anali ana athu, otengedwa m'madambo ndi m'minda akadali ndi mamina m'mphuno. Tinabwerera kudzaumba njerwa ndi kukhoma malata, nanga anthuwo tikanakawataya kuti? Mlongo wanu ataima pamaso panu mwendo ukuwola, mukanamuuza kuti, "Pita, amuna anga analumbira"?

Ndiweruzeni mmene mungafunire. Amene akudikirabe kuti Belmira apepese, abwere ku Mongue. Msewu ndi woipa, koma njinga imafika. Adzandipeza kudimba. Ndidzamupatsa mpando, madzi akumwa, ndi kabichi wopita naye kwawo. Koma mawu akuwadikirawo adzabwerera osawamva.